Mmene mungaonere zomwe kuwala kumabisa, ndi beseni, kalilole ndi foni basi

Nkhaniyi inayamba ndi chitenje. Achemwali anga anandituma kuti ndikawagulire chitenje cha pachinkhoswe, anati chikhale chofanana ndi cha anzawo, mpaka ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Ndinafika mushopu ina mtauni kutayamba kale kuda, magetsi atayatsa, ndinayang'ana pafoni, ndinayang'ana pashelefu, ndinati ndi chomwechi, kulipira, ulendo. Mawa lake titachifunyulula panja padzuwa pafupi ndi cha anzawo chija, aaa, zinthu ziwiri zosiyana, china chikupita ku buluu, changacho chikupita ku pepo. Anangondiyang'ana n'kuti "achimwene, maso amenewa ndi okongoletsa nkhope eti?" Ine ndinalumbira kuti dzulo chinali cha buluu, ndipo sindimanama ayi, chinalidi cha buluu pansi pa babu lija.

Nde kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuyesa tizinthu tosiyanasiyana pakhomo ndi ana, kufuna kumvetsa kuti mtundu wa chinthu umakhala kuti kwenikweni, pansalupo, mukuwalamo, kapena m'mutu mwathumu. Zomwe ndikulembazi mutha kuzichita nokha, simufunika labu, ndipo ngati muli ndi mwana wa ku sekondale amene physics ikumuvuta muchite naye limodzi, amagwira msanga akaona ndi maso kusiyana ndi kuloweza manotsi.

Sonkhanitsani izi: beseni kapena mbale yotakata, kakalilole kakang'ono, pepala loyera, CD yakale yokalika ija simuigwiritsanso ntchito, tochi, rimoti ya TV, tambula ya galasi, mkaka pang'ono, katoni ndi foni.

Yambani ndi beseni, m'mawa

Thirani madzi mubeseni mpaka theka, muliike pamalo pomwe dzuwa likumenya. Nthawi yabwino ndi m'mawa cha m'ma 7 kapena 8, kapena madzulo dzuwa litapendeka, masana likakhala pamutu zimavuta kulozetsa. Tengani kalilole mumutsamiritse m'mphepete mwa beseni mopendeka, theka lake likhale m'madzi, nkhope yake iyang'ane kudzuwa, akamatsetsereka muikireni kamwala. Kenako fufuzani komwe kuwala kwanjanja kukugwera, gwirani pepala loyera pamenepo kapena mulozetse kukhoma lomwe lili pamthunzi. Mupeza zowala ziwiri, china choyera wamba chochokera kumbali ya kalilole yomwe ili kunja kwa madzi, chimenecho chisiyeni, funani chinacho chochokera pansi pa madzi. Dikirani madzi akhazikike, apa mpomwe ana amalephera chifukwa sachedwa kupisamo chala, koma akangoti bata muona kamzere ka mitundu, kufiira mbali imodzi, kenako olenji, chikasu, girini, buluu mpaka pepo kumapeto. Mukachitira pawindo, beseni pomwe dzuwa likulowera ndipo chipindacho chili ndi kamdima, mitundu imatuluka mochititsa kaso.

Madziwo alibe mtundu, kalilole alibe mtundu, nde mitunduyo yachokera kuti? Inali kale mukuwala kwa dzuwa komwe timati nkoyerako. Kuwala kukamalowa m'madzi mopendeka kumachepa liwiro n'kupindika, koma mtundu uliwonse umapindika mosiyana pang'ono, kufiira kumapindika pang'ono, pepo kwambiri, basi zimamwazikana ngati ana potuluka mukalasi. Madzi omwe ali pakati pa kalilole ndi pamwamba paja apanga kampanje ka ngodya, akugwira ntchito ya prizimu, galasi la ngodya zitatu lomwe limagawa kuwala m'mitundu.

Isaac Newton anachita zofanana ndi zimenezi cha m'ma 1666 ku England, nthawi yomwe yunivesite ya Cambridge inali itatsekedwa chifukwa cha mliri, iye anagwiritsa ntchito prizimu ya galasi ndi kabowo pachotsekera windo. Anthu nthawi imeneyo ankaganiza kuti galasilo ndi lomwe limapaka mitundu pakuwala. Chomwe anachenjera nacho mkuluyu nchakuti anatenga mtundu umodzi wokha n'kuudutsitsa muprizimu yachiwiri, sunasinthenso, ndipo atasonkhanitsanso mitundu yonse pamodzi kunabwerera kuwala koyera. Za kuti mitundu ilipo 7 musazitenge ngati lamulo, poyamba iye anawerenga 5 kenako anawonjezera olenji ndi indigo kuti zifanane ndi manoti 7 a nyimbo. Papepala lanulo palibe malire, mtundu umangosungunukira mu unzake, ndipo mwana akanena kuti akuona 5 kapena 6 musamukalipire. Ife tomwe Chichewa chathu chimagawa mwina, agogo amatha kunena "chobiriwira" pa tsamba komanso pa chinthu chomwe ife timati cha buluu, ndipo mawu akuti buluu, girini, pepo tinachita kubwereka. Maso a agogowo amaona bwinobwino kusiyana kwake, kungoti mayina anagawidwa mwina.

Tsopano kamfundo ka manambala, kamodzi kokha, pirirani. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo chomwe chimasiyanitsa mitundu ndi kutalika kwa funde limodzi. Amayeza mu ma nanomita, mu milimita imodzi muli ma nanomita 1 miliyoni. Diso la munthu limaona kuyambira cha pa 400, komwe kuli pepo, kufika cha pa 700, komwe kuli kufiira, girini ali pakati cha pa 530 apo. Ndi timafunde tating'ono zedi, pafupifupi 100 titha kukwana pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Liwiro lake ndi pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, moti kuchokera kudzuwa, mtunda wa makilomita 150 miliyoni, kumafika pabeseni lanulo patatha mphindi 8 ndi masekondi 20.

Utawaleza wakumwamba uja ndi nkhani yomweyi, kungoti madontho a mvula ndi omwe akugwira ntchito ya beseni ndi kalilole nthawi imodzi, kuwala kumalowa mudontho, kunjanja kumbuyo kwake, n'kutuluka kutagawikana. Kuti mupange wanu, boolani timabowo pachitsekero cha botolo la pulasitiki ndi singano, kapena ingovumatani madzi n'kuwapopera ndi pakamwa monga amachitira ena posita, koma dzuwa likhale kumsana kwanu ndipo kutsogolo kukhale kwakuda ngati khoma lamthunzi kapena mitengo. Utawaleza umakhala pa madigiri 42 kuchokera pomwe pali mthunzi wa mutu wanu, nchifukwa chake dzuwa likakwera kwambiri simungauone kumwamba, ndipo mvula ya madzulo ija utawaleza wake umakhala kum'mawa nthawi zonse. Tsiku lina mukadzaona awiri, yang'anitsitsani wapamwambayo, mitundu yake imakhala yotembenuzika, kufiira mkati.

Rimoti: kuwala komwe simukuona

Iyi ndi ya masekondi 10. Tsegulani kamera ya foni, lozetsani rimoti ku kamerayo, dinani batani lililonse. Ndi maso simuona kanthu koma pasikirini kababu kakutsogolo kaja kaziphethira moyera kapena mwa pepo. Mafoni ena kamera yakumbuyo ili ndi sefa yotchinga, ikakana yesani ya selfie. Rimoti imatulutsa infrared, nthawi zambiri cha pa ma nanomita 940, kupitirira pomwe diso limathera. Anatulukira kuwala kotere ndi William Herschel mu 1800, anaika thermometer kupitirira mbali yofiira ya mitundu ija, pomwe panalibe chooneka, n'kupeza kuti ikutentha. Chaka chotsatira, 1801, Johann Ritter anapeza kuti kupitirira pepo kulinso kwina, komwe timati ultraviolet, njuchi zimakuona ife ayi. Phindu lake lina, mukamakangana pakhomo kuti mabatire a rimoti atha kapena TV ndi yomwe yavuta, kamera ithetsa mlandu.

CD ndi mababu, apa mpomwe panali chitenje chija

Iyi chitani usiku. Tengani CD mutembenuze mbali yonyezimira, imani patali pang'ono ndi nyali, mamita awiri atatu, muzipendeketsa CD mpaka muone kamzere ka mitundu. Pa CD pali timizere tothithikana kwambiri tomwe timamwaza kuwala malinga ndi kutalika kwa funde, njira yake ndi yosiyana ndi ya madzi koma zotsatira zake nzofanana. Yambani ndi kandulo kapena koloboyi, muona mitundu yolumikizana bwinobwino, kufiira ndi chikasu kochuluka, buluu wochepa kwambiri. Kenako pitani pa energy saver yopotana ija kapena chubu chachitali cha m'mashopu, apa mudabwa, mitundu siyolumikizana, imaoneka ngati zithunzi zingapo za babulo zitandandalikana, chofiira, cha girini, cha buluu, pakati pake pali mipata yakuda. Kenako LED, kaya ya tochi ya foni kaya ya solar, iyi imakhala ndi buluu wamphamvu, kenako kamalo kofooka, kenako girini, chikasu mpaka kufiira kochepa. LED yoyera kwenikweni ndi ya buluu yomwe anaipaka mankhwala achikasu pamwamba, mukayang'ana itazima mukaona kachikasuko. Anthu atatu ochokera ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha LED ya buluuyo, popanda iyo bwenzi tilibe timababu ta solar tomwe tadzaza m'midzimu.

Nde onani, mababu onsewa diso limati ndi oyera, koma mkati mwake simofanana. Ndipo nsalu siipanga kuwala kwake, imangomeza mitundu ina n'kubweza ina. Chitenje chija utoto wake umabweza buluu ndi kufiira pang'ono, padzuwa pomwe kufiira kulipo kokwanira chimaoneka cha pepo, pansi pa babu losowa kufiira chilibe choti chibweze koma buluu yekha. Sichingabweze chomwe sichinalandire. Onjezerani kuti ine ndimafanizira ndi chithunzi cha pafoni, chomwe chinajambulidwa pa kuwala kwina, ndi kamera yomwe imasintha mitundu payokha, nde ndinalibe mwayi kuyambira pachiyambi.

Kuti ana akhulupirire, tengani pepala la pulasitiki loonekera lofiira, ngati lokutira maswiti lija, mupinde kawiri katatu mukute kutsogolo kwa tochi, zimitsani magetsi onse. Unikani tomato wakupsa ndi tsamba la mpiru pambale yoyera. Mbale ioneka yofiira, tomato aoneka wowala mpaka kufanana ndi mbaleyo, tsamba lioneka lakuda bii. Mukapeza pepala la girini zitembenuka, tomato ndi amene ada. Tsambalo silinasinthe, langosowa choti libweze.

Nde pogula chitenje, penti, ulusi kapena zovala za pakaunjika, pemphani kuti mutulukire nacho pakhomo pa shopu, ndipo munyamule kachidutswa ka nsalu yeniyeniyo osati chithunzi. Wogulitsa wabwino sakana. Matelala akale amazidziwa izi, nchifukwa chake makina awo amakonda kukhala pakhonde.

Kadontho ka madzi pasikirini

Tsegulani chinthu choyera pafoni kapena pa TV, wonjezerani kuwala, donthezani kadontho kakang'ono kwambiri ka madzi ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, kutali ndi sipika ndi potchajira chonde. Kadonthoko kagwira ntchito ngati galasi lokulitsa, ndipo muona kuti choyera chija ndi timadontho tofiira, ta girini ndi ta buluu. Pa mafoni atsopano timadonthoti ndi tating'ono kwambiri moti mutha kuvutika, foni yakale ya mabatani, laputopu kapena TV zimaoneka bwino. Kenako tsegulani chithunzi chachikasu, nthochi yakupsa mwachitsanzo, muone. Mulibe chikasu mmenemo. Tofiira ndi ta girini tayaka, ta buluu tazima, basi.

Pamenepa mpomwe nkhani imachoka pakuwala n'kulowa m'diso. Kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, pamenepo pali maselo a mitundu iwiri omwe amamva kuwala. Ena amatchedwa ma cone, alipo pafupifupi 6 miliyoni m'diso limodzi, amagwira ntchito kukawala ndipo ndi omwe amatipatsa mitundu. Enawo ma rod, alipo cha m'ma 100 miliyoni, ndi a usiku, tiwapeza kumapeto. Ma cone alipo a magulu atatu okha, ena amamva kwambiri mafunde aafupi, ena apakati, ena aatali. Ubongo sulandira uthenga woti "ma nanomita 580", umangolandira kuti gulu ili lakuwa chonchi, ili chonchi, ili langokhala chete, kenako umafananiza n'kugamula kuti chikasu. Nde kuwala kwachikasu kwenikweni kumadzutsa gulu la aatali ndi la apakati limodzi, kufiira kosakaniza ndi girini kumadzutsanso magulu omwewo mofanana, ubongo sungasiyanitse, ndipo ma TV ndi mafoni onse padziko amadyera pa kupusitsika kumeneku. Thomas Young ananena kale za magulu atatuwa mu 1802, kulibe makina oti n'kuonera selo lotere likugwira ntchito, anangoganiza kuti sizingatheke kuti malo aliwonse m'diso akhale ndi chomvera mtundu uliwonse pachokha.

Ndipo pali mitundu ina yomwe mu utawaleza mulibe, pinki wolowera ku pepo uja mwachitsanzo, alibe funde lakelake, amabadwa ubongo ukalandira kufiira ndi buluu nthawi imodzi popanda girini. Bwererani pabeseni mukamufune, simumupeza.

Yesani iyi ndi mbendera yathu ya Malawi. Jambulani ndi makrayoni kapena tsegulani chithunzi chake, ikani kadontho pakati, yang'anani kadonthoko osasuntha maso kwa masekondi 30 kapena 40, kuphethira ndi kololedwa. Kenako mwachangu yang'anani pepala loyera kapena khoma loyera. Ituluka mbendera ina yomwe kulibe, pamwamba powala, pakati pa buluu wolowera ku girini, pansi pa pinki. Maselo omwe amayang'ana kufiira aja atopa, nde mukayang'ana choyera, chomwe chili ndi mitundu yonse, otopawo akuyankha mofooka ndipo anzawo akuwaposa mawu. Pakapita masekondi angapo imazimiririka. Mwana wa achemwali anga atayiona koyamba anapita kukakanda khoma ndi chala, kkkk.

Pochita zimenezi mutha kutulukira kuti mwana wina, makamaka wamwamuna, akuona mosiyana ndi anzake, akusokoneza kufiira, girini ndi khofi, kapena pomutuma tomato wakupsa kudimba amabwera ndi osakaniza. Musafulumire kunena kuti ndi wopusa kapena wamwano. Anthu ena amabadwa gulu limodzi la ma cone lija likusowa kapena likumva mosiyana, zimayenda kumtundu kudzera kwa mayi ndipo zimagwira kwambiri amuna, kwa azungu ndi pafupifupi mwamuna mmodzi pa 12 aliwonse, kwa ife akuda ndi ochepa kuposa pamenepo koma alipo. John Dalton, katswiri wa sayansi wa ku Manchester, anafotokoza za vuto lake lomweli mu 1794. Ku chipatala cha maso ali ndi makadi a timadontho tamitundu tobisa manambala, amayeza mphindi zochepa. Mankhwala ake palibe ndipo si matenda opita patsogolo, koma ndi bwino kudziwa msanga, aphunzitsi adziwe, komanso mwanayo asadzadabwe akamadzafuna ntchito ngati zamagetsi pomwe mawaya amasiyanitsidwa ndi mtundu.

Bowo lomwe muli nalo m'diso

Papepala loyera lembani kamtanda kumanzere ndi kadontho kakuda kumanja, zitalikirane masentimita 8. Tsekani diso lakumanzere ndi dzanja, ndi lakumanjalo yang'anani kamtanda kokha, osazembera kukadontho. Yambirani pepala lili patali mkono wonse, muzibweretsa pang'onopang'ono. Cha pa masentimita 30 kadontho kaja kasowa, psiti, mukapitiriza kabweranso. Pamalo pomwe mtsempha wa diso umatulukira kupita ku ubongo palibe maselo omva kuwala, chilichonse chogwera pamenepo sichioneka. Wansembe wina wa ku France, Edme Mariotte, ndi amene anazifotokoza m'zaka za m'ma 1660.

Koma chomwe chimandizunguza mutu ine ndi ichi, simuona bowo lakuda pamenepo, mumaona pepala loyera. Jambulani mzere wowongoka wodutsa pakadonthoko, kuchokera pamwamba mpaka pansi, mubwereze. Kadontho kasowa koma mzere uoneka wathunthu, osaduka. Chitani papepala lachikasu, bowolo lidzadza ndi chikasu. Ubongo ukungomata ndi zomwe zili m'mbali, ngati mmisiri womata khoma, ndipo wakhala ukuchita zimenezi moyo wanu wonse osakuuzani.

Mkaka ndi tochi, mwachidule

Dzadzani madzi mutambula ya galasi, donthezani mkaka madontho ochepa, ochepa zedi, madzi angoti mbuu pang'ono, mukachulutsa sizitheka. Mumdima unikani ndi tochi kuchokera mbali imodzi. Mukayang'ana cham'mbali madzi aoneka otuwa molowera ku buluu, mukayang'ana tochiyo kudzera m'madzimo ioneka yachikasu kapena olenji. Tinthu tating'ono timamwaza mafunde aafupi kwambiri kuposa aatali. Mpweya umachitanso chimodzimodzi, nchifukwa chake kumwamba ndi kwa buluu, ndipo madzulo kuwala kukadutsa mumpweya wambiri buluu amakhala atamwazikira m'njira, kotsala ndi kufiira. Mu September ndi October, fumbi ndi utsi wa moto wa tchire zitadzadza, dzuwa limalowa lili psuu ngati khala lamoto.

Katoni, ndi chenjezo

Tengani katoni, mbali imodzi boolani kabowo kamodzi ndi singano yaikulu kapena kamsomali, mbali yoyang'anana nayo dulani windo mumatepo pepala lopyapyala, la pulasitiki yoyera ya jumbo limathekanso. Dziphimbeni ndi bulangete kumutu ngati ojambula akale, lozetsani kabowo panja powala. Papepalapo muona mtengo, nyumba, mwana akuthamanga, koma zonse zadodolido, miyendo m'mwamba. Kuwala kumayenda mowongoka, kochokera pamwamba pa mtengo kukadutsa pabowo kumakagwera pansi, kochokera pansi kumakagwera pamwamba. M'diso mwanu chithunzi chimagweranso chadodolido chomwecho, ubongo ndi umene unazolowera kuchiwerenga. Ibn al-Haytham, yemwe ankakhala ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, anagwiritsa ntchito chipinda chamdima chotere ndipo anatsutsa maganizo akale oti maso amatulutsa cheza kupita pachinthu, anati ayi, kuwala ndi komwe kumalowa m'diso.

Katoni yomweyi ndi njira yabwino yoonera kadamsana, dzuwa kumsana, inu muziyang'ana chithunzi chake papepala. Omwe anali ku Lusaka pa 21 June 2001 akukumbukira mmene kunadera masana. Nthawi ya kadamsana yang'ananinso pansi pa mtengo wa masamba ambiri, timawanga tozungulira ta dzuwa tija timasanduka ngati mwezi watsopano, chifukwa mpata uliwonse pakati pa masamba ndi kabowo ka katoni.

Koma dzuwa lenilenilo musaliyang'ane, kaya mwachindunji, kaya pakalilole wa mubeseni uja, kaya pa CD, kaya ndi magalasi akuda a pamsika. Retina ilibe mitsempha yomva ululu, imapsa inu osamva kanthu, mudzazindikira pambuyo pake pakati pa zomwe mukuona pali banga. Ana muwauze kawiri. Chimodzimodzi moto wa owotcherera zitsulo, uli ndi ultraviolet wambiri, amene anauyang'anitsitsa amadziwa mmene maso amachitira usiku wake, ngati wina wathiramo mchenga, misozi osaleka. Ndipo magalasi akuda opanda chotchinga ultraviolet ndi oipa kuposa kusavala, chifukwa mumdima wakewo mwanadiso amakula n'kulowetsa cheza chochuluka.

Yomaliza, magetsi akazima

Iyi sifuna chipangizo, imafuna kudekha. Usiku wopanda magetsi, foni muisiye m'nyumba chifukwa kungoyang'ana sikirini kamodzi mwabwerera pa ziro, tengani zitenje kapena makapu apulasitiki a mitundu yosiyana mukhale nawo panja. Mphindi zoyamba simuona kanthu. Mwanadiso amakula m'masekondi ochepa koma si iye amene amachita zambiri, ntchito yaikulu ndi ya ma rod aja, mkati mwake muli mankhwala omva kuwala omwe amatheratu kukakhala kowala ndipo amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti abwerere mokwanira. Ikakwana nthawi imeneyo muyamba kuona njira, mitengo, nkhope, koma funsani ana kuti kapu iyi ndi ya mtundu wanji. Azingolota. Zonse zimakhala zotuwa, yofiira ija imada kuposa zonse pomwe ya buluu ndi ya girini zimaoneka zowalirapo, chifukwa ma rod ndi gulu limodzi lokha, alibe mnzake wofananiza naye, ndipo kufiira sakumva bwino. Ku mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls), mwezi ukakhala wathunthu ndipo madzi ali ambiri, kumaoneka utawaleza wa usiku, ndi maso umaoneka wotuwa chabe koma kamera imatulutsa mitundu yonse.

Kenako sankhani nyenyezi yofooka kwambiri yomwe mukungoiona mwa apo ndi apo. Iyang'aneni mwachindunji, isowa. Yang'anani pambali pake pang'ono, ibwera. Pakatikati pa retina, pomwe timawerengera, pali ma cone okhaokha, ma rod ali m'mbali, nde usiku pakati pa diso ndi pomwe pali posaona. Alenje ndi asodzi a usiku ambiri amachita izi osaphunzitsidwa.

Pamene mukuchita zimenezi muonetsetse ngati pali wina, mwana kapena mayi woyembekezera, amene patatha mphindi 30 akupunthwabe pomwe anzake onse akuyenda bwinobwino. Mankhwala a mu ma rod aja thupi limawapanga kuchokera ku vitamini A, ndipo kusaona kukangoda ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyamba zoti vitaminiyu akuperewera. Amapezeka mu mbatata yofiira mkati, mango, mapapaya, maungu, karoti, masamba obiriwira ngati bonongwe ndi chisoso makamaka otendera kapena othira mafuta pang'ono, mazira ndi chiwindi. Koma musangothera pa ndiwo, mupite naye kuchipatala akamuone, chifukwa pali zinanso zomwe zimayambitsa vuto lomweli, ndipo kwa agogo amene akuti nyali za magalimoto zikumawathobwa usiku komanso masana akuona ngati kuli nkhungu, nthawi zambiri imakhala ng'ala, yomwe madokotala a maso amachotsa ndi opaleshoni yosatenga nthawi.